Nkhani imodzi muichite kawiri, pa kamera ndi pa pepala

Aphwanga ndi achemwali amene mwangoyamba kumene za utolankhani, kaya muli ku MUBAS komwe ambirife timangoti ku Poly ngakhale dzina linasintha mu 2021, kaya ku MIJ, kaya ku Chanco ku Zomba, kaya ku African Bible College ku Lilongwe, pali chinthu chomwe ndimalakalaka wina akanandiuza chaka changa choyamba, ndiye lero ndikuuzani ineyo. Vidiyo ndi magazini siziphunzirika m'kope ayi. Mutha kuloweza manotsi onse, mayeso nkukhoza bwinobwino, koma tsiku lomwe a lekchara adzati pitani mukabweretse nkhani ya maminitsi atatu pofika Lachisanu, manja amanjenjemera ndithu. Komanso musamadikire kamera yayikulu, foni yomwe muli nayo m'thumbayo ndi yokwana kuyambira.

Njira yomwe inandithandiza ine ndi iyi, sankhani nkhani imodzi yaing'ono ya pafupi ndi komwe mukukhala, muichite kawiri, koyamba vidiyo ya maminitsi atatu, kachiwiri masamba anayi a magazini. Munthu yemweyo, nkhani yomweyo. Mukatero mudzaona ndi maso anu kuti kamera imafuna chani ndipo pepala limafuna chani. Ine ndinasankha telala wa pakhonde la sitolo, bambo achikulire osoka mayunifolomu a sukulu pa makina opondera ndi phazi aja, ndipo ndiyenda ndi chitsanzo chomwechi mpaka kumapeto. Inu mutha kutenga mayi okazinga mandasi, mnyamata wa kabaza, owotcherera mageti, bola akhale munthu wogwira ntchito ndi manja chifukwa kamera imakonda manja otanganidwa. Za ndale, za katangale, za mtengo wa feteleza zisiyeni kaye, sizikuthawa, mudzazipeza.

Tsiku loyamba musajambule chilichonse. Pitani mukangocheza, perekani moni mwaulemu, muwauze kuti bambo ine ndine mwana wasukulu, ndikufuna ndiphunzire ntchito yanga kudzera pa ntchito yanuyi, ndipo muwafotokozere chilungamo kuti vidiyoyo ikaonetsedwa kuti, mkalasi mokha kapena mukufuna kukaiyika pa Facebook ndi YouTube, chifukwa kwa iwo zimenezi ndi zinthu ziwiri zosiyana kwambiri. Ngati ndi kumudzi yambirani kwa amfumu, ngati ndi mumsika kaonaneni kaye ndi a komiti ya msika, ndipo ana musawajambule makolo awo asanavomere. Funso loti mutipatsa zingati libwera, musakwiye nalo, anthu anatopa ndi ojambula ongobwera, kujambula, basi kuzimiririka. Auzeni kuti ndalama mulibe koma mudzawabweretsera chithunzi chochapitsa ndi tsamba lomwe alipo, ndipo mukalonjeza choncho mudzabweretsedi.

Tsiku lochezalo mutsegulenso makutu. Khalani chete pang'ono mumve kuti pamalopo pakumveka chani, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndi pomwe ophunzira ambiri timagwera. Munthu amapirira chithunzi chosawala bwino koma mawu osamveka sapirira, amangosuntha chala kupita pa vidiyo ina. Intavyu yanga yoyamba ndi atelala aja inawonongeka yonse chifukwa kuseri kwa sitolo kunali chigayo chomwe chinalizidwa tili mkati mocheza, ine maso onse anali pa sikirini, sindinamve kanthu mpaka nditafika ku hostel, ndipo zinandiwawa kwambiri chifukwa bamboo anali atanena mawu okoma omwe sanawabwerezenso chimodzimodzi nditapitanso. Nkovuta kuchotsa phokoso la chigayo ndi pulogalamu mawu a munthu nkutsala abwino. Ndiye funsiranitu, chigayochi chimayamba nthawi yanji, wailesi ya mu shopu yoyandikana ingatsitsidwe kwa maminitsi khumi, ma minibasi amaitanira mbali iti.

Maiki ya foni yomwe ikujambula imakhala kutali ndi pakamwa, ndiye chitani izi. Bwerekani foni yachiwiri kwa mnzanu, tsegulani voice recorder, muiike m'thumba la shati la munthuyo maiki itayang'ana m'mwamba, kapena pa tebulo pafupi naye kwambiri. Ngati mungakwanitse kamaiki kokoleka pa kolala kaja ndiye bwinonso. Mukayamba kujambula ombani m'manja kamodzi kamera ikuona, kuphulika kwa mawu kumeneko ndi komwe kudzakuthandizeni kulumikiza mawu ndi chithunzi poedita. Mafoni onse awiri akhale pa flight mode, sinanga wina akhoza kuimba pakati pa nkhani. Jambulani kaye pang'ono, mumvetsere ndi ma earphone, kenako ndiye muyambe zenizeni. Kukakhala mphepo, makamaka miyezi ya June ndi July ija, kutani maiki ndi kasiponji kapena sokosi yoyera bwino. Ngati chida chanu chikuonetsa mulingo wa mawu, azisewera cha pa -12 mpaka -6, asamagunde 0 pofiira paja chifukwa mawu akasweka sakonzeka. Pomaliza pemphani onse akhale chete masekondi 30 mujambule phokoso la pamalopo lokha, lidzakuthandizani kutseka mipata podula.

Pali chizolowezi chathu china chomwe ndi ulemu pocheza koma pa intavyu chimaononga. Wamkulu akamayankhula ife timavomera, eee, inde, zoona bambo, ndithu. Zonsezo zimalowa mu rekodi pamwamba pa mawu awo ndipo simungazichotse. Phunzirani kuvomera ndi mutu ndi maso basi, ndipo muwauziretu kuti ndikhala chete osati mwamwano koma chifukwa cha makinawa. Mafunso anu asakhale oyankhidwa ndi eya kapena ayi. Mukati mumaikonda ntchitoyi, ayankha eya, nkhani yathera pompo. Koma mukati tandiuzeni za tsiku lomwe munakhala koyamba pa makinawa, anakuphunzitsani ndani, mudzamva nkhani. Akamaliza kuyankha musathamangire funso lina, dikirani pang'ono, nthawi zambiri mawu enieni amabwera pa kachetechete kameneko. Iwo aziyang'ana inu osati lenzi, inu mukhale pambali penipeni pa kamera.

Za kuwala. Dzuwa la 12 koloko limaika mithunzi m'maso munthu nkumaoneka ngati wadwala, ndiye jambulani m'mawa isanakwane 9 kapena madzulo kuyambira cha m'ma 3. Pakhonde pamavuta mwapadera chifukwa munthu ali pamthunzi pomwe kumbuyo kwake msewu ukuwala, kamera ikasiyidwa pa auto imayeza kuwala kwa kumbuyoko kapena kwa shati yoyera, nkhope nkuda bii osaoneka maso. Khungu lathu limafuna kuti muyezere pa nkhope, dinani pa nkhope pa sikirini, gwiritsitsani mpaka iloke, kenako kwezani kapena tsitsani pang'ono. Chabwino koposa ndi kuzungulira inuyo kuti kuwala kuchokere kumbuyo kwanu kapena cham'mbali, kumbuyo kwa munthuyo kukhale khoma. Mnzanu agwire pepala lalikulu loyera la manila kuti libwezere kuwala ku nkhope, mudzadabwa kusintha kwake.

Pukutani lenzi ndi nsalu yofewa musanayambe, foni imakhala m'thumba ndi thukuta. Ngati ndi ya kalasi, TV kapena YouTube gwirani foni chopingasa, ngati ndi ya TikTok kapena Status ndiye choimika, koma sankhani musanayambe osasakaniza. 1080p ndi yokwana, 4K ingodzaza memori ndi kulemetsa laputopu. Mafoni ambiri amabwera ali pa mafulemu 30 pa sekondi, pomwe kuno magetsi athu ndi a 50Hz ndipo TV yathu imayendera 25, nchifukwa chake mukajambula m'chipinda cha mababu a tyubu mumaona kuphethira kapena mizere ikuyenda pa chithunzi. Ikani pa 25 ngati foni ikulola, ikakana yesani pulogalamu ngati Open Camera ya pa Android yomwe ndi yaulere. Zoom ya zala ija isiyeni, senderani pafupi ndi miyendo. Mulibe tripod, sanjani njerwa kapena mabuku, kapena tsamirani khoma zigongono zili pamimba.

Intavyu ikatha ntchito ndiye yayamba, chifukwa palibe angaonere nkhope yokha maminitsi atatu. Mukufunika zithunzi zophimbira, zomwe timati B-roll. Kwa atelala aja ndinajambula phazi likuponda, singano ikukwera ndi kutsika, tepi yoyezera ili m'khosi, choko chikulemba pa nsalu, sizasi, mayi akudikira yunifolomu ya mwana wawo, kenako khonde lonse ndili tsidya la msewu. Pa chochitika chilichonse tengani manja pafupi, nkhope pafupi, chithunzi cha patali choonetsa malo onse, china chodutsa paphewa, ndi china cha mbali yachilendo monga pansi pafupi ndi chopondera. Shoti iliyonse werengani mumtima mpaka 10 musanaimitse ndipo kamera isamayendeyende, chizisuntha ndi chomwe mukujambulacho. Khalaninso mbali imodzi ya munthuyo, mukawoloka kupita mbali inayo adzaoneka ngati watembenuka mwadzidzidzi mukadzalumikiza. Tengani zambiri kuposa zomwe mukuganiza kuti zikwana, poedita zimachepa nthawi zonse.

Musanachoke pamalopo jambulaninso zithunzi zosayenda za magazini, padera, foni ili pa kamera ya zithunzi osati kudzadula mu vidiyo. Ndifotokoza chifukwa chake kutsogoloku. Zina zikhale zoimika ndipo pamwamba pa mutu musiye malo oti padzakhale dzina la magazini. Ndipo dzina lawo alembe okha m'kope mwanu kapena akutchulireni chilembo chimodzichimodzi.

Mukafika kunyumba, musanadye nkomwe, koperani mafayilo malo awiri, pa laputopu ndi pa fulashi kapena Google Drive ngati bando ilipo. Fulashi yomwe mumapita nayo kokaprintitsa isakhale yosungira ntchito, imabwerako ndi mavairasi. Poedita, CapCut imagwira pa foni pomwepo, DaVinci Resolve ili ndi mtundu waulere wamphamvu zedi koma imafuna kompyuta yamphamvunso, ngati laputopu yanu ndi yofooka yesani Shotcut kapena Kdenlive zomwenso ndi zaulere. Premiere Pro ndi yolipira, mukaipeza mu labu iphunzireni chifukwa m'malo ambiri antchito mudzaipeza. Koma musataye mwezi mukukangana kuti yabwino ndi iti, kudula ndi kumodzimodzi.

Chomwe ndimalimbikitsa ndi choti musayambire pa kompyuta. Mvetserani intavyu yonse, lembani papepala zomwe ananena, kenako chongani ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zomwe zanyamula nkhani, muzisanje kuti zikhale ndi poyambira, pakati ndi pothera. Zimenezo ndi zomwe muike koyamba pa timeline, mzere womwe mumasanjapo mawu ndi zithunzi mu pulogalamu yoeditira, mutseke maso mumvetsere ngati nkhani ikumveka ngati ya pa wailesi. Ikamveka ndiye yambani kuphimba modula monse ndi B-roll ija. Samalani podula kuti musasinthe tanthauzo la zomwe munthu ananena, akati kaunjika anatipweteka koma tinapeza njira, inu nkudula theka lachiwirilo, mwamunamizira. Ma transition, zokometsera zosinthira kuchoka pa shoti ina kupita pa ina, ozungulira ndi owuluka aja asiyeni, kudula wamba ndi komwe akatswiri amagwiritsa ntchito. Nyimbo musangotenga ya woimba yemwe mumamukonda, ili ndi mwini wake, lamulo la copyright la 2016 lilipo ndipo COSOMA ndi yomwe imayang'anira zimenezi, komanso YouTube ndi Facebook zimatha kuitseka mawu vidiyo yanu. Tengani mu YouTube Audio Library kapena pemphani mnzanu woimba gitala, ndipo nthawi zina phokoso la makina osokera lokhalo ndi nyimbo yokwana. Sevani pafupipafupi poti magetsi sachenjeza akamathima. Mukamaliza tulutsani ngati MP4, muionere pa foni yotchipa ya sipika yaing'ono, chifukwa ambiri adzaonera pa yoteroyo.

Tsopano pepala. Apa mudzazindikira kuti zomwe zinakoma pa vidiyo sizikwana. Kamera inaonetsa manja ndi nkhope, pepala likufuna zomwe kamera singaone, bamboyu anayamba liti, nsalu amaigula kuti, January sukulu zikamatsegulira teremu ntchito imachuluka bwanji, zovala za kaunjika zinasintha chani pa ntchito yake, ana ake akufuna kudzasoka kapena ayi. Mwina mudzafunika kubwererako ndi kope lokha, komanso kuyankhula ndi kasitomala mmodzi ndi wogulitsa nsalu. Lembani mawu pakati pa 800 ndi 1000, ndipo musayambe ndi zoti ntchito yosoka ndi yofunika pa chitukuko cha dziko, yambani ndi chinthu chomwe munaona, phazi lija likuponda m'mawa sitolo isanatsegulidwe.

Musanatsegule pulogalamu iliyonse pezani magazini enieni muwagwire m'manja, The Lamp ya a Montfort Media ku Balaka, makope akale a Moni ngati ali mu laibulale, ndipo pa Chichewa onani Tamvani wa mu Weekend Nation, Fuko ndi Boma Lathu. Tengani pensulo ndi rula muyeze, makolamu ndi angati, mpata wa m'mbali ndi wotani, mutu wankhani ndi waukulu bwanji poyerekeza ndi mawu enawo. Kenako pindani pepala la A4 pakati, mwapeza masamba anayi, jambulani mabokosi, apa chithunzi, apa mutu, apa mawu. Masamba a magazini yomanga ndi waya pakati amayenda anayianayi, 4, 8, 12, 16, chifukwa pepala limodzi lopinda limabereka anayi, ndiye gulu lanu likadzabwera ndi masamba 14 osindikiza adzakubwezani.

Chifukwa chomwe ndinati musadule zithunzi mu vidiyo ndi ichi. Osindikiza amafuna 300 dpi, kutanthauza timadontho 300 pa inchi iliyonse, ndipo fulemu ya 1080p ndi timadontho 1920 kwa 1080 basi, pa 300 dpi imangokwana masentimita pafupifupi 16 kwa 9, pomwe tsamba lonse la A4 limafuna 2480 kwa 3508. Mukaikoka kuti idzaze tsamba idzatuluka yamadontho. Chimodzimodzinso zithunzi zotumizirana pa WhatsApp mwachizolowezi, zimafinyidwa, uzani mnzanu atumize ngati document. Pulogalamu yeniyeni yosanjira masamba ndi InDesign, yaulere yofanana nayo ndi Scribus, Canva mutha kuyambirapo, koma Word musalimbane nayo, mukasuntha chithunzi chimodzi zonse zimabalalika. Mafonti awiri akwana, ina ya mitu ina ya nkhani, ndipo ya nkhaniyo kukula kwake kukhale cha pa 9 kapena 10. Musaope malo oyera, si kuti mwaononga pepala. Chithunzi chofika m'mphepete chipitirire mamilimita 3 kunja kwa tsamba, imeneyo ndiye bleed, kuti podula pasatsale kamzere koyera. Sikirini imaonetsa mitundu ya RGB pomwe makina osindikizira amagwiritsa CMYK, ndiye buluu ndi girini wowala uja amazilala papepala, funsani osindikiza anu kuti akufuna fayilo yotani musanatumize, ndipo ikhale PDF yokhala ndi mafonti mkati.

Ngati magaziniyo ndi ya Chichewa, ndipo ndikukupemphani kuti muyese kamodzi kokha kulemba m'Chichewa, pali misampha yomwe mabuku a layout sanena chifukwa analembedwera Chingerezi. Mawu athu ndi aatali, ndiye mukapanga justify, kuyanjanitsa mizere mbali zonse ziwiri, mu kolamu yopapatiza pamatsala mipata ikuluikulu pakati pa mawu, bwino muyanjanitse kumanzere kokha kapena mukulitse kolamu. Hyphenation ya auto, yodula mawu pa mapeto a mzere, izimitseni chifukwa imadula ngati Chingerezi, ife timadulira pa vawelo, ku-mbu-ki-ra osati kum-bukira, ndipo ng' wa mu ng'ombe kapena pang'ono asasiyane ndi kachizindikiro kake pa mapeto a mzere. Onaninso ngati fonti yomwe mwasankha ili ndi ŵ, ena mwa mafonti okongola aja alibe, mukalemba Malaŵi pamatuluka kabokosi kapena chilembo cha fonti ina. Ndipo spellcheck sikuthandizani, imangofiiritsa tsamba lonse, ndiye printani papepala wamba, werengani mokweza, mupatsenso mnzanu yemwe sanaione nkomwe. Chithunzi chilichonse chikhale ndi mawu pansi pake onena kuti ndi ndani, akutani, kuti, komanso dzina la wojambula.

Ntchito zambiri zimenezi amapereka m'magulu, ndipo chimachitika ndi choti yemwe ali ndi laputopu ndiye amaedita chaka chonse, mnyamata amagwira kamera, mtsikana amauzidwa kuti iwe ukhala presenter. Achemwali musalole zimenezo, gwirani kamera, khalani pa timeline, ndipo inu achimwene a laputopu musunthe mpando mnzanu adule yekha ngakhale achedwe. Sinthanani maudindo pa asayimenti iliyonse. Tsiku lomwe mudzapite ku attachment, kaya ku MBC, Times, Zodiak, Nation kapena ku wailesi ya m'dera, funso lomwe mudzakumane nalo ndi loti unapangapo chani tione, ndipo vidiyo ya maminitsi atatu yomalizika ndi PDF ya masamba anayi zili mufoni ndi yankho lokwanira.

Zonse zikatha printani masamba anayiwo a mitundu, kope limodzi lokha likwana, mutenge ndi foni ndi ma earphone mubwerere pakhonde paja. Apatseni pepalalo likhale lawo, aonetseni vidiyo, inu muziyang'ana nkhope yawo osati sikirini, ndipo muwafunse ngati pali pomwe mwalakwitsa dzina, chaka kapena mawu awo. Akakuuzani pokonza kakonzeni musanaiyike pa intaneti.